Makomiti a Nyumba ya Malamulo: Mmene Amapangidwira ndi Amene Amawatsogolera

Anthu ambiri amaidziwa Nyumba ya Malamulo kudzera pa wailesi, pamene aphungu akutsutsana ndipo sipikala akuyesetsa kukhazikitsa bata. Komatu ntchito yaikulu ya nyumbayi imachitikira m'zipinda zing'onozing'ono, momwe aphungu owerengeka amakhala pansi kusanthula mabilu, kuwerenga mabuku a chuma ndi kufunsa mafunso akuluakulu a boma. Magulu amenewa ndiwo makomiti. Nkhani ikamafika m'nyumba yonse imakhala itapsa kale, ndipo kawirikawiri aphungu amatsata zimene komiti yalangiza. Choncho munthu wofuna kudziwa chifukwa chake ndalama za mlatho kapena za chipatala zidadutsa kapena kukanika ayenera kudziwa amene amakhala m'makomitiwa ndi amene amawatsogolera.

Chifukwa chake pali makomiti

Kwa zaka zambiri nyumbayi idali ndi aphungu 193, ndipo kuyambira pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 madera a aphungu adafika 229. Khamu lotere silingathe kuwerenga limodzi tsamba ndi tsamba la lipoti la unduna uliwonse. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, komanso anthu mazana awiri sangagwire nsichi imodzi nthawi imodzi. Ntchito imayenera kugawidwa.

Makomiti ena adakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko. Gawo 56 limalamula kuti pakhale komiti yoona za kusankhidwa kwa anthu m'maudindo akuluakulu a boma, komiti yoona za bajeti ndi komiti yoona za malamulo. Gawo 162 limakhazikitsa komiti yoona za chitetezo. Popeza makomiti amenewa adalembedwa m'malamulo aakulu, palibe chipani cholamula chimene chingawathetse chifukwa choti akuchisowetsa mtendere.

Ena adakhazikitsidwa ndi malamulo oyendetsera zokambirana amene nyumbayi imadzipangira yokha. Ambiri mwa iwo amalondoloza nthambi za boma: ulimi, maphunziro, zaumoyo, zamtengatenga, zachilengedwe, komanso maboma ang'onoang'ono ndi chitukuko cha kumidzi. Palinso komiti yofufuza mmene chuma cha boma chagwiritsidwira ntchito. Iyi imasanthula malipoti a mkulu wowerengera ndalama za boma, ndipo imaitana alembi aakulu a maunduna ndi abwanamkubwa a maboma kuti adzafotokoze kumene ndalama zidapita.

Mphamvu yoitanayi si yongopempha. Gawo 60 la malamulo aakulu limapatsa nyumbayi ndi makomiti ake mphamvu yofufuza nkhani ndi kulamula munthu aliyense, ngakhale wa udindo waukulu, kuti akaonekere pamaso pawo.

Kagawidwe ka mipando

Chisankho chikatha, aphungu amalumbira ndi kusankha sipikala pamodzi ndi achiwiri ake. Kenaka pamakhazikitsidwa komiti yokonza ndandanda wa zokambirana, imene wapampando wake ndi sipikala. Mu komiti imeneyi mumakhala mtsogoleri wa zokambirana wa mbali ya boma, mtsogoleri wa mbali yotsutsa ndi akuluakulu osungitsa mwambo m'zipani. Iyi ndiyo imalongosola zimene nyumba ikambirane ndi nthawi yake.

Mipando ya m'makomiti ena imagawidwa potengera mphamvu ya chipani chilichonse m'nyumbamo. Mwachitsanzo, chipani chimene chili ndi theka la aphungu onse chimayembekezera pafupifupi mipando khumi mu komiti ya anthu makumi awiri, ndipo yotsalayo imagawidwa pakati pa zipani zina ndi aphungu oima paokha. Cholinga chake ndi chakuti komiti iliyonse ifanane ndi nyumba yonse, kuti maganizo amene anthu adaonetsa pa tsiku loponya voti asasokonekere m'chipinda chaching'ono. Akuluakulu osungitsa mwambo ndiwo amapereka maina a aphungu a chipani chawo, ndipo apa ndi pamene phungu amene adali mphunzitsi, namwino kapena mlangizi wa zaulimi angaikidwe kumene luso lake lingathandize.

Nduna sizikhala m'makomiti olondoloza ntchito za maunduna. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: munthu sadzimeta yekha kunkhongo. Nduna imabwera ku komiti ngati woyankha mafunso, osati ngati wofunsa.

Kusankha wapampando

Komiti ikakumana koyamba, mamembala ake amasankha wapampando ndi wachiwiri wake pakati pawo. Zipani zimakhala zitakambirana kale za amene zikufuna, ndipo pamene palibe chipani chokhala ndi mamembala opitirira theka, mavoti a aphungu oima paokha ndi a zipani zing'onozing'ono amalemera kwambiri.

Mpando umenewu umalimbiranidwa chifukwa wapampando ndiye amatsogolera zokambirana, amapereka mpata wolankhula, amathandiza kusankha nkhani zoyamba kuunikidwa ndi anthu oyenera kuitanidwa, ndiponso amapereka lipoti la komiti m'nyumba yonse. Wapampando wakhama angathe kuvundukula nkhani imene ena adafuna kuikwirira. Waulesi kapena wamantha angathe kuisiya nkhani yomweyo m'mafayilo mpaka zaka zisanu zitatha.

Pa komiti yofufuza za chuma cha boma, mwambo wakhala woti wapampando azichokera ku mbali yotsutsa. Mwambowu umapezeka m'maiko ambiri a bungwe la Commonwealth, ndipo udachokera ku nyumba ya malamulo ya ku Britain, komwe komiti yotereyi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1861. Nzeru yake ndi yakuti amene akusunga thumba asakhalenso wotsogolera anthu owerengera zotsala m'thumbamo.

Aphungu sagwira ntchitoyi okha. Komiti iliyonse imathandizidwa ndi alembi a Nyumba ya Malamulo, amene ndi ogwira ntchito olembedwa, osati andale. Iwowa amalemba zokambirana, amatumiza makalata oitanira anthu ndi kusunga zolembedwa za komiti.

Mphamvu ndi malire ake

Zimene zidachitika m'mwezi wa Meyi 2021 zimaonetsa kulemera kwa komiti. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adasankha Martha Chizuma kukhala mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB. Komiti yoona za maudindo itawafunsa mafunso idakana kuwavomereza. Anthu ambiri adadandaula, nkhaniyo idakambidwa m'nyumba yonse, ndipo patapita masiku ochepa komitiyo idakumananso nkuwavomereza. Aphungu owerengeka adatha kuimitsa chiganizo cha mtsogoleri wa dziko, koma nawonso sadathe kunyalanyaza nyumba yonse ndi maso a anthu.

Pa nkhani ya bajeti, nduna ya zachuma ikapereka ndondomeko yake, makomiti amaphatikizana m'magulu akuluakulu ndi kusanthula ndalama zimene unduna uliwonse wapatsidwa, nyumba yonse isanavomereze. Apa ndi pamene zimaonekera ngati ndalama za mankhwala, mabuku kapena misewu ya kumidzi zili zokwanira. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, choncho ntchito imeneyi imagwiridwa m'miyezi yoyambirira ya chaka.

Komabe pa nkhani zambiri komiti imangolangiza. Lipoti lake limayenera kupita m'nyumba yonse, ndipo ngakhale litavomerezedwa, kuchita zimene lanena kumadalira maunduna ndi mabungwe ena a boma. Makomiti amafunanso ndalama kuti akumane ndi kukayendera ntchito kumene zikuchitikira. Ndalamazo zikachepa, kulondolozako kumafooka.

Dongosolo lomweli kukhonsolo

Khonsolo ya boma imayenda m'njira yofanana. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la chaka cha 1998 limafuna kuti khonsolo ikhale ndi makomiti oona za chuma, chitukuko, maphunziro, ntchito zomangamanga, zaumoyo ndi chilengedwe, komanso za anthu ogwira ntchito. Makhansala, amene amasankhidwa mmodzi pa wodi iliyonse, ndiwo amagawidwa m'makomitiwa ndi kuwatsogolera. Wapampando wa khonsolo ndi wachiwiri wake amasankhidwanso pakati pa makhansala. Mafumu akuluakulu ndi oimira magulu apadera amakhala nawo pa mikumano ndi kupereka maganizo, koma saponya voti. Bwanamkubwa ndi akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana amabweretsa malipoti, amapereka uphungu ndi kukwaniritsa zimene khonsolo yagwirizana.

Pempho la mjigo kapena chipinda chophunziriramo limayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, imene ambiri amaitchula VDC. Kuchokera pamenepo limapita ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, ADC, kenaka ku khonsolo. Kumeneko limaunikidwa ndi komiti yoyenera, komiti ya zachuma imaona ngati ndalama zilipo, ndipo pomaliza khonsolo yonse imavomereza kapena kukana. Pempho likakanirira, nthawi zambiri limakhala litakanirira pa imodzi mwa makwerero amenewa.

Dziko lino lidaonapo mmene zimakhalira popanda dongosolo limeneli. Kuyambira 2005 mpaka 2014 kudalibe makhansala, chifukwa chisankho cha maboma ang'onoang'ono sichidachitike. Kwa zaka zisanu ndi zinayi makhonsolo adayenda popanda anthu osankhidwa m'mawodi owerengera ndalama ndi kufunsa mafunso m'malo mwa eni dera.

Zimene anthu a m'wodi ayenera kudziwa

Munthu wa m'wodi ali ndi ufulu wofunsa khansala wake kuti ali mu komiti iti, wapampando wake ndani, ndipo komitiyo idakumana liti komaliza. Ali ndi ufulu wofunsanso phungu wake mafunso omwewo okhudza ku Lilongwe. Khansala wa wodi ina akakhala wapampando wa komiti ya zaumoyo, udindo wake umafika ku zipatala za boma lonse, osati za kwawo zokha, ndipo anthu a wodi iliyonse angathe kumufikira kudzera mwa khansala wawo.

Dandaulo limamveka msanga likapita ku khomo loyenera. La sukulu yopanda zimbudzi lipite ku komiti ya maphunziro. La kontilakitala amene adasiya mlatho panjira lipite ku komiti ya zomangamanga. La ndalama zosadziwika kumene zidalowera lipite ku komiti ya zachuma. Ndi bwino kuti lilembedwe m'kalata yokhala ndi tsiku ndi siginecha ya wapampando wa VDC, ndipo anthu asunge kope lake, kuti pa mkumano wotsatira wa ADC adzathe kufunsa pamene nkhani yawo yafika ndi amene akuisunga.