Overclock: Mufana wanga anataya ndalama pa chilembo chimodzi

Mufana wanga ali na ka game shop mu komboni, kachipinda kamodzi ka malata kumbuyo kwa babashopu. Muli ma TV awili, PlayStation 4 imodzi, na kompyuta imene amaikonda kuchila chisumbali chake: Dell OptiPlex 7010 yakuda, ya zija zimene maofesi a kunja amasiya, ife n'kuzigula mu tauni monga salaula. Ana a sukulu akakomboka amabwela kuteya GTA V na FIFA, ndipo tundalama twawo ndiye tumalipila lenti.

Itafika October, kompyuta inayamba kulaga. Motoka mu GTA ili pa spidi, mwadzidzidzi chithunzi chaima, chikabwela wagunda kale chipupa. Mu FIFA uponya shoti, mpila uoneka uli kale m'manja mwa goli. Mwana wa Grade 9 salipila kawili pa vinthu va so. Anayamba kupita ku shopu ina kuseli kwa msika.

Mufana anagona pa YouTube mausiku angapo, n'kuukako na liwu limodzi: overclock. Anasunga ndalama, anakwela basi, anabwela na prosesa ya Intel Core i7-3770K mu kapepa. Wogulitsa anamuuza kuti chilembo K chili kumapeto ndiye mankhwala, ndipo anachilipilitsa bwino chilembocho. Tinachotsa i5-3470 yakale, tinafaka nyuwani, makina anayaka. Tinatinika F2 kuloŵa mu BIOS kuti manje tiyambe kukweza spidi. Tinayangana peji iliyonse, mpaka ya deti na nthawi. Kunalibe pokweza.

Kuti mumvetse pamene anagwela, yambani na nambala ija ya GHz imene ogulitsa amakonda kupunda. Prosesa imasebenza motsatila kugunda, monga ovina atsatila ng'oma. 3.5 GHz itanthauza kugunda 3.5 biliyoni pa sekondi imodzi. Nambala iyi imachokela pa masamu apafupi: wochi ya pa motherboard imagunda pa 100 MHz, prosesa n'kuchulukitsa na nambala yochedwa multiplier. Multiplier ikakhala 35, mwapeza 3.5 GHz. Mukaikweza kufika 42, mwapeza 4.2 GHz. Overclock ni imeneyo chabe: kuuza prosesa kuti ithamange kupyola pamene fakitale inaiikila, ndipo kambili muyenela kuiwonjezela voteji kuti isagwe.

Manje Intel inakhoma chitseko ichi na maloko awili. Loko yoyamba ili mu prosesa: zimene zili na K ndiye zosegula. Loko yachiwili ili pa motherboard: ifunika chipset ya Z, monga Z77, Z390 kapena Z790. OptiPlex 7010 ili na Q77, chipset ya mu ofesi, yopangidwila munthu wolemba ma invoice. Makina ambili a Dell, HP na Lenovo amene anachokela mu maofesi ni chimodzimodzi. Mungafakemo K, idzayaka, koma BIOS siidzakupatsani chiwongolelo. Mufana anagula kiyi ya loko imodzi, chitseko chili na awili.

Chimene chinamubaba maningi n'chakuti i7-3770 yopanda K, yochipa, imayambila pa 3.4 GHz, pamene ya K imayambila pa 3.5. Zonse ziwili zikapanikizika zimakwela zokha kufika 3.9. Ndalama yapamwamba ija inagula 100 MHz, imene olo muyangane bwanji pa skilini simungaione.

Ku AMD nkhani ni yofewako. Kuchokela pamene Ryzen inatuluka mu 2017, pafupifupi zonse za pa desktop zimabwela zosegula, ndipo motherboard ya B350, B450 kapena B550 ikwanila. Ya A320 ndiye ikana. Koma olo muli na zida zoyenela, funso ni ili: mupezapo zingati?

Ba mudala ba magemu amakumbuka Core i5-2500K ya mu 2011. Inali kubwela pa 3.3 GHz, ndipo anthu ambili anali kuikweza kufika 4.5 na fani yabwino chabe. Apo overclock inali ya zoona, monga kugula Corolla n'kupeza kuti mu boneti muli injini ya Mark X. Masiku ano mafakitale anachenjela. Prosesa ya manje imadziyangana yokha kutentha na malaiti amene ikudya, n'kudzikweza mpaka pafupi na malile ake. Chotsala chakuti inu mufinye ni chochepa, ndipo mu gemu kambili chimathela pa ma FPS oŵelengeka. Zija mumaona pa intaneti, monga pamene Core i9-13900K inapyola 9 GHz mu December 2022, anachita kuithila helium yamadzi, yozizila kuchila chilichonse chimene filiji ingapange. Ni mpikisano wa kanthawi kochepa, palibe amene amateyelapo FIFA.

Kwa ife kuno, mdani wamkulu ni kupya. Mukakweza voteji, kutentha sikukwela molingana: kumakwela mothamanga kuchila voteji yeniyeniyo. Uja wa pa YouTube ali mu chipinda cha air con. Imwe muli pansi pa malata mu October, panja madigiri apyola 30, mkati muli anyamata eyiti na fumbi la mu njila. Prosesa ikafika pafupi na madigiri 100 imadzichepetsa spidi yokha kuti isapye. Ndiye mungakweze nambala mu BIOS, gemu n'kuyenda moipa kuchila kale.

Izi ndiye zinali kuchitika mu makina a mufana, popanda na overclock yomwe. Titafaka pulogalamu ya HWMonitor tinaona kutentha kukwela mpaka ku 100 gemu ikangoyamba. Ine nimalemba za oimba na ma DJ, sindine injiniya, koma apa olo ine n'naona kuti chinthu chili pa moto. Tinasegulanso. Heatsink, ija nsimbi ya mizela imene imakhala pamwamba pa prosesa, inali itavala bulangeti ya fumbi. Choipa kwambili, pofaka prosesa nyuwani tinabwezelapo heatsink na thermal paste yakale, youma monga nsima ya mailo. Kachubu ka paste kamachipa kuchila chakudya cha pa lanchi. Tinapukuta, tinafaka kadontho kolingana na njele ya nyemba, tinapuliza fumbi. Kutentha kunatsikila m'ma 70.

Kulaga kunachepa koma sikunasile, ndipo apa ndiye pali phunzilo limene sembe tinayambila. Musanagule chilichonse, dziŵani amene akuchedwetsa mnzake. Mu gemu, prosesa imaŵelenga zochitika: kumene mpila upita, zimene apolisi a mu GTA aganiza. Graphics card ndiye imajambula. Fakani MSI Afterburner, ni yaulele, ionetse manambala pakona gemu ili mkati. Ngati card ili pa 99 pelesenti prosesa ili pa hafu, vuto si prosesa. Njila ina yosafuna pulogalamu: tsitsani resolution kuchoka pa 1080p kufika pa 720p. Gemu ikamasuka, card ndiye yalema. Ikakhala chimodzimodzi, yanganani prosesa kapena RAM.

Ya mufana inamasuka. Card yake inali GT 1030, ndipo apa pali msampha wina umene ambili sadziŵa. GT 1030 ili mitundu iwili, dzina limodzi: ya memory ya GDDR5 na ya DDR4. Ya DDR4 imatumiza data mochedwa pafupifupi katatu. Yake inali ya DDR4. RAM nayo inali kandodo kamodzi ka 8GB, pamene motherboard imathamanga bwino tundodo tukakhala tuwili, chimene amati dual channel. Ganizani Great East Road ya leni imodzi pa 17 hours.

Pa makina a mu ofesi aya, card imene imakwana ni yosafuna waya wake wa malaiti, chifukwa power supply yake siifika mawati 300. GTX 1050 Ti imadya mawati 75 kuchokela pa siloti pomwepo, ndipo ni imene EA inalemba kukhala poyambila pa FC 24, pamodzi na RAM ya 8GB na prosesa ya i5-6600K kapena Ryzen 5 1600. GTX 1650 ni yamphamvuko. Ngati bokosi lanu ni lija lopyapyala, funsani ya low profile, apo ayi chivalo sichidzavalika.

Sinikamba kuti kuchinja prosesa n'kulakwa. Kuchoka pa i5-3470 kupita pa i7-3770 kumakupatsani ma thread 8 m'malo mwa 4, ndipo magemu a manje amawafuna. Amene ali na OptiPlex 7020 kapena 9020 angakwele kufika pa i7-4790. Koma prosesa iliyonse ili na soketi yake, ndipo Intel ili na kamsampha kake: LGA1151 ya 6th na 7th gen ili na mapini olingana na ya 8th na 9th gen, prosesa idzakhala bwinobwino mu soketi, koma siidzayaka. Wogulitsa akakuuzani kuti zonse ni 1151, zoona wakamba, koma ndalama yanu yapita. Nyamulani makina anu, aifake pamenepo, iyake, museguleko CPU-Z muone ngati dzina ligwilizana na lolembedwa pamwamba. Wokana kutesta, musiyeni na katundu wake. Za laputopu musavutike nazo: zambili prosesa yake ni yowotchelela pa bodi.

Ganizaninso za kutsogolo musanathile ndalama zambili mu makina akale. Microsoft inaika 14 October 2025 kukhala mapeto a sapoti ya Windows 10, ndipo Windows 11 mwalamulo ifuna Intel ya 8th gen kupita kumwamba. Soketi ya AM4 ya AMD ndiye yakhala yachifundo kwa anthu a thumba lochepa: motherboard ya B450 imene inayamba na Ryzen 5 2600 ingalandile Ryzen 5 5600, malinga mwachita update BIOS.

Apo pa update pafunika mtima. Malaiti akapita BIOS ili pakati polembedwa, motherboard ingafe osaukanso. Tonse tikumbuka 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo masiku ena malaiti anali kubwela maola atatu chabe. Musachite update popanda UPS kapena inverter. Ndipo malaiti akapita, chotsani pulagi ku chipupa, chifukwa pobwela ndiye pamapya vinthu.

Manje tinene kuti muli na K na Z, kapena Ryzen na B, muli na cooler ya tower yeniyeni, ndipo mtima wakana kumvela. Yambani na chaulele: mu BIOS yatsani XMP, imene pa mabodi ena a AMD imalembedwa DOCP kapena EXPO. RAM ya DDR4 yolembedwa 3200 kambili imayenda pa 2133 kapena 2400 mpaka mutaiyatsa, ndipo Ryzen imamva kusiyana. Mukafika pa prosesa, kwezani multiplier na sitepu imodzi chabe, 100 MHz. Loŵani mu Windows, thamangitsani Cinebench mobweleza kwa hafu awa, maso ali pa kutentha. Ine ningaime ikapyola madigiri 85, ndipo testani masana kukupya, osati 02 usiku. Ikapilila, kwezaninso imodzi. Ikaonetsa blue screen, bwelelani kumbuyo sitepu imodzi n'kukhala pamenepo. Ikakana kuyaka konse, musalile: chotsani ku malaiti, chotsani kabatili kozungulila ka CR2032 pa motherboard kwa mphindi zingapo, BIOS idzabwelela mwakale.

Voteji ndiye musaiseŵeletse, ndipo musakope nambala ya munthu wina. Maprosesa awili a dzina limodzi sapilila molingana. Voteji yopitilila siipha tsiku limodzi, imadya prosesa pang'onopang'ono mpaka iyambe kugwa olo pa spidi yake ya fakitale. Mu 2024 Intel yeniyeniyo inavomela kuti maprosesa ena a 13th na 14th gen anali kuonongeka chifukwa cha voteji yokwela, ndipo inawonjezela waranti na zaka ziwili. Ngati eni ake anaphonya, nanga ise? Kumbukaninso kuti waranti siilipila chimene mwaocha na overclock, ndipo ya mu kapepa ilibe waranti olo pang'ono.

Mufana anabwelela mu tauni kukayesa kubweza K ija. Anamuyangana monga wabwela kupempha ngongole. Anagulitsa i5 yakale na GT 1030, anawonjezela za milungu ingapo, anagula GTX 1050 Ti ya second hand na kandodo kachiwili ka RAM. Ulendo uno ananyamula makina onse pa basi, pamiyendo, mpaka kondakita anafuna kumulipilitsa mipando iwili. GTA V manje iyenda pa 1080p osadumpha. Ana a Grade 9 anabwelela, kupatulapo awili amene ati ku shopu ija kuli fani.

Loŵeluka lililonse m'maŵa amasegula bokosi n'kupuliza fumbi. Ati asungila UPS, ikatha iyo ayambe ya B450. I7-3770K ikali mkati, ithamanga pa 3.9 monga inzake yochipa, ndipo mu komboni monse palibe amene amamuitana dzina lake. Onse amati ba K.