Chithunzi Chopanda Mayina

Titaika maliro a alongo anga aakulu, tidatsekula bokosi lawo lachitsulo. Mudali Buku Lopatulika long'ambikang'ambika, makalata amene atate ankalemba ali ku Joni, ulendo wa Wenela usanaletsedwe mu 1974, ndi chithunzi cha amuna atatu ovala majekete. Atate tidawazindikira. Awiri enawo palibe adawadziwa, pakuti wotiuza ndi amene tidali titangomusiya kumanda.

Yoswa adaimika miyala 12 ku Giligala kuti ana adzafunse tanthauzo lake (Yoswa 4). Komatu mwala suyankha, abale anga. Pamafunika wamkulu wofotokoza. Ife tidachedwa kufunsa.

Usiku womwewo ndidayamba kulemba mayina kuseri kwa zithunzi zotsalazo, zidzukulu zikundiunikira ndi nyali.