KULEMA KWA ANAMWINO M'MAKILINIKI ATHU: KODI KUMACOKERA KUTI?

Pa msika, m'minibasi ngakhale pa maliro, nkhani ya anamwino siisowa. Wina anena kuti anamukalipira pamaso pa anthu, wina kuti anakhala pa mzere kucokera m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, ndipo pomaliza anangouzidwa kuti akagule mankhwala ku kemisiti. Madandaulo awa si abodza onse. Anamwino amwano aliko, monga momwe aliri aphunzitsi ndi apolisi amwano. Koma ambiri mwa iwo sanayambe nchito ali tero. Cinawasintha ndi kulema kwa mtundu wina kumene pa Cingerezi kumachedwa burnout.

Coyamba anthu ayenera kudziwa mtolo umene namwino wa pa kiliniki ya m'komboni amasenza masiku ano. M'makiliniki ambiri mulibe dotolo. Namwino ndiye amapima wodwala, kupeza matenda, kulemba mankhwala ndi kuganiza ngati munthuyo atumizidwe ku cipatala cacikulu kapena abwerere kunyumba. Pamene boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere m'dziko lonse mu 2005, anthu ofuna thandizo anaculuka kuposa madotolo ndi ma clinical officer, motero mu 2009 anamwino ena anayamba kuphunzitsidwa mwapadera kuti aziyambitsa okha odwala pa mankhwalawa. Malipiro a ku cipatala anacotsedwa kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 anacotsedwanso m'makiliniki a m'tauni. Izi zinali zabwino kwa anthu osauka. Koma mizere inatalika, ndipo manja ogwira nchito sanaonjezeke molingana. Namwino mmodzimodziyo ali ndi sikelo ya ana, azimai apakati, katemera, odwala TB, a BP ndi a shuga, ndiponso mabuku a malipoti amene ayenera kudzazidwa mwezi usanathe.

Dzina lakuti burnout linachuka mu 1974 kupyolera mwa Herbert Freudenberger, katswiri wa za maganizo amene anali kuthandiza pa kiliniki yaulere ku New York. Iye anaona kuti anthu amene anayamba nchito ndi mtima wonse ndiwo anali kufooka koposa pakapita caka cimodzi. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linafotokoza bvutoli m'buku lake la matenda, koma linanenetsa kuti si nthenda ai, ndi cotulukapo ca nchito yopanikiza kwa nthawi yaitali. Linachula zizindikiro zitatu: kutha mphamvu, kuuma mtima pa nchito, ndi kulephera kugwira bwino nchito imene munthu amaidziwa.

Kulema wamba kumatha munthu akagona usiku umodzi kapena uwiri. Uku sikutha. Munthu amauka m'mawa ali wolema kale, ndipo akaganiza za mzere umene ukumuyembekeza mtima umagunda. Thupi limakhala ngati lili pa ngozi tsiku lililonse, tulo timasowa, mutu ndi msana zimawawa, ena BP imakwera. Cizindikiro caciwiri ndico cimene odwala amaciona. Munthu amene waona imfa zambiri, nalephera kuthandiza kaamba kosowa zipangizo, amayamba kudziteteza mwa kusamvanso cifundo. Wodwala saonekanso ngati mai wa munthu kapena mwana wa munthu, amangokhala nambala ya pa khadi. Mau amafupika, nkhope imauma. Namwinoyo nthawi zambiri sadziwa kuti wasintha. Amene amayamba kuona ndi a m'nyumba mwake.

Kuculuka kwa odwala si ndiko kokha kumene kumabweretsa bvutoli. Cimene cimapweteka kwambiri ndi kuimbidwa mlandu pa zinthu zimene munthu alibe nazo mphamvu. Mankhwala akatha, amene amayang'anizana ndi bambo wokwiya si wogula mankhwala wa ku likulu, koma namwino. Ambulansi ikacedwa, ndiye amaima pafupi ndi mai amene akutaya magazi. Pali mantha a kudzilasa ndi nyeleti imene yagwiritsidwa nchito pa wodwala, cinthu cimene cimafuna kuti munthu ayambe kumwa mankhwala oteteza HIV pasanapite maola 72 ndi kupitiriza masiku 28. Pali nchito ya usiku. Ndipo popeza malipiro amatha ndi nkhongole ndi kusunga ana a abale, ambiri akacoka pa kiliniki ya boma amapita kukagwira ganyu ku zipatala za anthu, motero tsiku lopumula kulibe. Ngakhale kunyumba namwino wa m'komboni sasiya nchito, pakuti mwana wa aneba akatentha thupi pakati pa usiku, khomo loyamba kugogodedwa ndi lake.

Kafukufuku amene anacitika m'makiliniki a boma mu Lusaka, nafalitsidwa mu 2009, anapeza kuti pafupifupi theka la anchito a zaumoyo amene anafunsidwa anali ndi kulema kotere. Pa nthawi ya miliri zinthu zimaipiraipira. Kolera imene inayamba mu October 2023 inapha anthu oposa 700, ndipo mu January 2024 bwalo la masewera la National Heroes mu Lusaka linasandutsidwa cipatala. Anamwino amene anali kumeneko anacotsedwa kwina, kumene anzao otsala anasenza nchito ya anthu awiri.

Nkhani iyi ikhudza banja lililonse cifukwa namwino wolema amalakwitsa. Angaiwale kufunsa ngati mai ali ndi pakati asanalembe mankhwala, angawerenge molakwa kulemera kwa mwana, kapena kuona malungo okha pamene pali cibayo. Wodwala amene wakalipiridwa nayenso amaleka kubwera, ndipo kwa munthu wa pa ARV kapena pa mankhwala a TB kuleka kumeneko n'koopsa. Potsiriza namwino wodziwa nchito amacoka, monga anacokera ambiri kupita ku Britain kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000.

Kukalipira anamwino pa wailesi sikucepetsa mzere. Kumapeto kwa 2013 anamwino mazana angapo anacotsedwa nchito kaamba ka sitalaka, ndipo boma linawabwezanso pambuyo pake. Mu 2022 boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000 pa nthawi imodzi, ndipo iyi ndiyo njira yoyenera, pokhapo ngati kulemba kukupitirira ndipo olembedwawo akufika kumene kuli odwala. Misonkhano ya m'mahotela yophunzitsa anamwino kuugwira mtima ili ndi phindu locepa ngati munthu abwerera ku benchi yomweyo yodzaza. Zimene zimathandiza ndi zapafupi: chuti coperekedwa pa nthawi yake, kusinthana bwino pa nchito ya usiku, mankhwala m'sitolo, ndi mkulu wa kiliniki amene amamva anchito ake asanawadzudzule.

Mabanja nawonso ali ndi mbali yao. Mwana wodwala abwere naye masana matenda akangoyamba, osati kuyembekeza usiku pamene pali namwino mmodzi. Khadi ndi mapaketi a mankhwala akale zisatsale kunyumba. Amene wacitiridwa mwano asangokhala cete, ndiponso asayambe ndeu. Akaonane ndi sisita woyang'anira kiliniki kapena a Neighbourhood Health Committee a m'dera lao, ndipo mlandu waukulu ungapite ku Nursing and Midwifery Council of Zambia. Amene ali ndi namwino m'nyumba ayang'anire zizindikiro izi: kusagona, kukwiyira ana popanda cifukwa, kuleka kupita ku chalichi kapena kwa anzake, kuyamba mowa kapena mapilisi ogonetsa. Ngati afika ponena kuti moyo ulibe phindu, aperekezedwe tsiku lomwelo kwa a zamaganizo pa cipatala cacikulu ca m'cigawo.