Mowa pa sitima ya Ilala: zaka 18 ndi lamulo, osati chitetezo

Ngati mukuchokera ku Bandawe, Chintheche kapena Kande kukakwera Ilala pa Nkhata Bay, dziwani kuti lamulo la mowa limakutsatirani ndi panyanja pomwe. Lamulo la Liquor Act limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo bala ya m'sitimayi ili pansi pa lamulo lomweli. Wogulitsa akakayikira msinkhu wanu, angathe kukufunsani chiphaso cha unzika.

Kunja malamulo amasiyana. Sitima zikuluzikulu za alendo zonyamukira m'madoko a ku America zimafuna zaka 21, pomwe zambiri zonyamukira ku Europe zimalola zaka 18.

Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25, makamaka mbali yomwe imakuthandizani kuzindikira zoopsa. Mowa umafooketsa mbali yomweyo.

Komabe kukwanitsa zaka 18 sikukutetezani pamadzi. Mowa umayendetsa dzandidzandi, umachedwetsa maganizo, komanso umawonjezera chizungulire ndi mseru, makamaka mwera ukamakuntha. Ku Usisya sitima imaima patali ndi gombe, ndipo anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono. Phazi likangophonya, mwagwera m'nyanja, ndipo munthu woledzera amamira ngakhale atakhala katswiri wosambira.

Choncho musamwe pamene mwatsala pang'ono kutsika. Ngati mwasankha kumwa, yambani mwadya, muzimwanso madzi pafupipafupi, ndipo musatsamire zitsulo za m'mphepete mwa sitima. Mnzanu akaledzera, musamusiye yekha. Mugonekeni cham'mbali, muitane ogwira ntchito m'sitimamo.