Nyumba Yaikulu ndi Tinyumba ta Kuseri Kwake

Pa 15 May m'caka ca 2025, moto unabuka m'nyumba yochedwa Nottoway, m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, m'cigawo ca Louisiana ku America. Ozimitsa moto analimbana nao kufikira usiku, koma kunja kutaca panali patatsala mabwinja ndi phulusa. Nyumbayo inatha kumangidwa m'caka ca 1859, ndipo inali yaikulu kopambana mwa nyumba zakale za eni mapulazi zimene zinatsala kum'mwera kwa dzikolo. Mbiri ya motowo itamveka, anthu anagawikana. Ena analira, popeza ambiri anadyerapo maphwando a ukwati pamalopo. Ena anati iwo alibe msozi wotaya, cifukwa manja amene anapala matabwa ake ndi kulima nzimbe zimene zinabweretsa cuma cake anali manja a akapolo, makolo ao.

Kale nyumba ikapsa inali kutsala m'mitima ya okalamba ndi pa zithunzi zowerengeka cabe. Lero amisiri a zithunzi akhoza kuiimikanso mkati mwa kompyuta, ndipo munthu angaizungulire, kulowa pakhomo ndi kusuzumira pazenera. Opanga mafilimu, masewera a pa kompyuta ndi zikuto za mabuku amafunafuna zifanizo zotere za nyumba za pamapulazi a ku America. Owerenga okondedwa, tiyeni tione kumene zifanizozi zimapezeka, ndi mbuna imene wofunafuna angagweremo ngati sacenjera.

Kodi cifanizo ca pa kompyuta n'ciani?

Cithunzi cojambulidwa ndi kamera cimaonetsa mbali imodzi yokha. Koma ng'ombe ya dothi imene mwana waumba kudambo mungaitembenuze m'manja, ndi kuiona kumutu, kumcira ndi kumimba. Cifanizo ca pa kompyuta, cimene amacicha 3D, ciri ngati ng'ombe ya dothiyo: ciri ndi utali, m'lifupi ndi msinkhu. Mkati mwake ndi timadontho tambirimbiri tolumikizidwa ndi timizere, monga mwana alumikizira mawaya popanga galimoto. Mmisiri akatha kuimika mafupawo, amawaveka khungu looneka ngati njerwa, matabwa kapena laimu. Pambuyo pake amasankha pamene dzuwa liime ndi pamene diso la woonerera likhale, ndipo kompyuta imawerengera yokha kumene mthunzi ugwere.

Njira zopangira zifanizo ziripo zitatu. Yoyamba ndi kumanga pang'onopang'ono, khoma ndi khoma, potsata mapulani, ndi maprogramu onga Blender, imene ndi yaulere, kapena SketchUp. Yaciwiri ndi kujambula nyumba ndi kamera nthawi mazanamazana kucokera mbali zonse, kuti kompyuta ilumikize zithunzizo. Yacitatu ndi kupima ndi makina a laser, amene amaponya kuwala pakhoma ndi kuwerengera mtunda wa timadontho mamiliyoni ambiri. Njira ziwiri zomalizirazi zifuna kuti nyumba ikhale ikali ciimire. Nyumba imene inagwa kale ingadzutsidwe ndi njira yoyamba yokha.

Misika ya pa intaneti

Munthu wa cangu amayamba wapita kumisika ya pa intaneti kumene amisiri amagulitsa kapena kugawa zimene anapanga. Yodziwika bwino ndi TurboSquid, imene inayambira mumzinda wa New Orleans m'caka ca 2000, pafupi ndi mapulazi omwewa, CGTrader ya ku Lithuania, Sketchfab, ndi 3D Warehouse ya anthu ogwiritsa nchito SketchUp. Kumeneko mudzapeza nyumba zoyera mbee, za nsanamira zazitali ndi makonde ozungulira. Zina n'zaulere, zina n'zogula.

Pamsika wotere wogula ayenera kufunsa mafunso anai. Kodi mwini wake walola kuti cifanizoco cigwire nchito yanji, popeza cina cololedwa kuphunzirira siciloledwa kupangira malonda? Kodi kompyuta yanga ingacinyamule, popeza cifanizo ca timadontho toculuka cimaumitsa makina ocepa mphamvu? Kodi mkati muli zipinda, kapena ndi cigoba cabe? Ndipo funso lalikulu nali: kodi nyumbayi inaliko ndithu? Zifanizo zambiri zolembedwa kuti "nyumba ya papulazi" ndi maloto a wozipanga, amene anatola nsanamira uku, denga uko. Cizolowezi cimeneci sicinayambe lero. Nyumba yochedwa Tara, imene anthu a padziko lonse anaiona m'filimu ya Gone with the Wind m'caka ca 1939, sinakhalepo papulazi lirilonse. Inali nkhope ya nyumba cabe, yoimikidwa pabwalo lojambulira mafilimu ku California.

Nkhokwe ya mapulani ku Washington

Wofuna nyumba yeniyeni ayenera kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. M'caka ca 1933, pamene America inali pa mavuto aakulu a zacuma ndipo olemba mapulani a nyumba ambiri anali pa ulova, Bambo Charles Peterson, wogwira nchito m'nthambi ya boma yoyang'anira malo osungidwa, anapereka nzeru yakuti boma liwalembe nchito yopima nyumba zakale. Ndimo munayambira nchito yochedwa Historic American Buildings Survey, mwacidule HABS, imene ikupitirira mpaka lero. Amisiriwo anayenda ndi zingwe zopimira, mapensulo ndi makamera, nalemba kukula kwa khoma, citseko, masitepe ndi nsanamira. Zolemba zao, pamodzi ndi za nchito zinzake zimene zinabadwa pambuyo pake, zikhudza malo oposa 40,000. Zimasungidwa ku Library of Congress mumzinda wa Washington, ndipo munthu aliyense wokhala ndi intaneti angazione ndi kuzitenga kwaulere.

Phindu la nkhokwe imeneyi lioneka pa pulazi lochedwa Uncle Sam, pafupi ndi Convent ku Louisiana. M'caka ca 1940 nyumba zake zinagwetsedwa kuti pamalopo padutse cimpanda ca dothi coletsa madzi a Mississippi kusefukira. Anthu a HABS anali atazipima zisanagwe. Cotero mmisiri wa lero, ngakhale akhale kutali motani, angaike mapulaniwo pa kompyuta ndi kudzutsa nyumba imene inacoka padziko zaka zoposa 80 zapitazo, nsanamira iriyonse pamalo pake.

Cimene cimasowa pacithunzi

Tsopano tifike pa mbuna ija. Tengani pulazi la Oak Alley, limene zithunzi zake n'zofala koposa. Nyumba yake inamangidwa pakati pa 1837 ndi 1839. Iri ndi nsanamira 28, ndipo njira yopita pakhomo iri pakati pa mizere iwiri ya mitengo ikuluikulu. Woiona amagwira pakamwa. Koma akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Nyumbayo sinali kuima yokha. Kuseri kwake kunali khichini, nkhokwe, makola, cigayo cofinyira nzimbe ndi miphika ikuluikulu yowiritsira madzi ake usana ndi usiku m'nyengo yokolola. Kunalinso mzere wa tinyumba ta matabwa mmene munali kugona akapolo. Mmodzi wa iwo anali Antoine, wosamalira dimba, amene m'caka ca 1846 anakhoza kulumikiza nthambi za mtengo wa mtedza wochedwa pecan, luso limene linali litakanika ena. Dzina lake lidziwika. Maina a anzake ambiri anangotsala m'mabuku owerengera katundu, pamodzi ndi akavalo ndi makasu.

Pa kalembera wa m'caka ca 1860, akapolo ku America anali pafupifupi 4 miliyoni, ndipo ukapolo unathetsedwa ndi lamulo m'caka ca 1865. Papulazi lalikulu, a m'banja la mwini anali owerengeka pa zala, pamene akapolo anali makumimakumi, pena oposa 100. Komabe pamisika ya pa intaneti nyumba za nsanamira ziri mbwee, koma tinyumba ta akapolo n'tosowa. Zifukwa zake n'zoonekeratu. Tinyumbato tinali ta matabwa wamba, ndipo tambiri tinaola, tinapsa kapena kugwetsedwa. Opima a m'zaka za m'ma 1930 kawirikawiri anali kuthera nthawi yao panyumba yaikulu, ndi kujambula kanyumba ka kuseri kamodzi kapena kawiri podutsa. Ogulitsa zifanizo naonso amapanga cimene ogula afuna. Conco amene anaiwalidwa ali moyo, naiwalidwanso papepala, akhoza kuiwalidwa kacitatu pa kompyuta.

Mmisiri akhoza kupima nsanamira iriyonse molondola, osaphonya ngakhale pang'ono, koma cithunzi cake n'kukhala cabodza ndithu. Akaika nyumba yoyera pakati pa udzu wobiriwira, popanda utsi wa cigayo, popanda munthu woweramira khasu, ndiye kuti wauza woonerera kuti cumaco cinagwa kumwamba ngati mvula. Mboni imene inena theka la zimene inaona, ndi kubisa theka lina, sitiicha mboni yoona.

Amene akubweza zotayika

Mwamwai, alipo anthu amene akugwira nchito yokonza colakwaci, ndipo wofunafuna zifanizo angaphunzire kwa iwo. Papulazi la Evergreen, ku Louisiana komweko, patsala tinyumba ta akapolo 22 m'mizere iwiri yoyang'anizana, tambiri ta zipinda ziwiri ndi cumuni pakati. Wofuna kudziwa mmene mudzi wa akapolo unali kuonekera ayambire pa zithunzi za malo amenewa. Pafupi pomwepo pali pulazi la Whitney, limene linatsegulidwa m'caka ca 2014 monga malo okumbukira akapolo, osati eni ao. Ku Monticello m'cigawo ca Virginia, kwao kwa Thomas Jefferson, pulezidenti wacitatu wa America, amene pa moyo wake anasunga akapolo oposa 600, akatswiri anakumba pansi pa msewu wochedwa Mulberry Row napeza maziko a nyumba ndi malo ogwirira nchito. Potsata mazikowo anapanga zifanizo za pa kompyuta, ndi kumanganso zina mwa nyumbazo.

Mai Jobie Hill, mmisiri wosunga nyumba zakale, anayambitsa nchito yochedwa Saving Slave Houses. Iwo amafufuza m'zolemba za HABS, amayendera tinyumba totsala, kutipima, ndi kutiyerekeza ndi umboni wa anthu amene anagonamo. Umboniwo ulipo, popeza pakati pa 1936 ndi 1938 boma la America linatuma alembi kukafunsa nkhalamba zoposa 2,300 zimene zinabadwira mu ukapolo. Mau ao asungidwa ku Library of Congress komwe kuja. M'menemo mmisiri adzapeza zimene pulani siinena: pogona, pophikira, mphepo yolowera m'ming'alu, ndi belu lodzutsa anthu kusanace.

Nkhaniyi itikhudza ifenso Akatolika. M'caka ca 1838, Ajezuiti a ku Maryland anagulitsa akapolo 272 a pamapulazi ao, ndipo zina mwa ndalamazo zinabweza ngongole za koleji ya Georgetown. Ambiri mwa anthuwo, amene anali obatizidwa, anatumizidwa ku Louisiana, ena kufupi ndi Maringouin, m'boma limodzimodzi ndi Nottoway ija. Ambiri a zidzukulu zao anasunga cikhulupiriro cao. M'caka ca 2017 mkulu wa Ajezuiti a ku America ndi Canada anapepesa poyera pamaso pa zidzukuluzo. Ngati abusa anavomera kuulula mbali yowawa ya mbiri yao, wojambula zithunzi alibe cifukwa coibisira.

Mau kwa amisiri acinyamata ndi makolo ao

Inu acinyamata amene mwaphunzira luso limeneli, ndipo tsiku lina mudzapatsidwa nchito yojambula nyumba yotere, yambani mwafunsa dzina la pulazi, caka cimene linamangidwa, ndi mbeu imene linali kulima, kaya nzimbe, thonje, mpunga kapena fodya. Cifanizo cogula mucipime ndi mapulani a HABS musanacikhulupirire. Funani mapu a pulazi lonse, osati a nyumba yaikulu yokha. Ngati tinyumba ta kuseri palibe pamsika, timangeni nokha. Kanyumba ka zipinda ziwiri sikangakanike munthu amene wakhoza nsanamira 28. Pamene mwangoyerekeza cifukwa umboni wasowa, lembani pansi pa cithunzi kuti apa ndayerekeza. Ndipo mukatha, gawirani anzanu cimene mwamanga, kuti wobwera pambuyo panu asapeze msika uli wopendekeka monga munaupezera inu.

Inunso makolo, mukaona mwana akuyenda m'nyumba yokongola yotere m'sewero la pa kompyuta kapena m'filimu, musamulande makinawo. Khalani naye pansi, mumufunse kuti: kodi anamanga nyumbayi ndani, nanga anali kugona kuti? Akasowa yankho, mufufuze naye pamodzi. Dzina la Antoine lingakhale poyambira.