Sikelo Yakale ndi Laputopu Yatsopano: Musataye Makina Chifukwa cha Chingwe

Makina ambiri amene amasenza ntchito yaikulu m'maofesi ndi m'mafakitale ndi achikulire kuposa makompyuta amene amasunga zotsatira zake. Sikelo yoyezera malole a chimanga, makina oyezera magazi m'labotale, kachipangizo kosindikiza malisiti m'sitolo, makina odula zilembo za pa zikwangwani, zonsezi zimatha zaka 15 kapena 20 zikugwirabe bwinobwino. Kompyuta sifika pamenepo. Ikafa, ofesi imagula laputopu yatsopano, ndipo tsiku lolumikiza m'pamene anthu amazindikira kuti chingwe cha sikelo chilibe polowa.

Ine ndimakonza makompyuta, ndipo vuto limeneli limandiwawa chifukwa nthawi zambiri limathera potaya chinthu chamoyo. Ndinaitanidwapo pa depoti ina yogulira mbewu kumene akalaliki anali atabwerera ku kope ndi cholembera, akukopera pamanja manambala a pa sikelo. Abwana anali atauzidwa kale ndi wamalonda wina kuti sikeloyo yatha ntchito, agule ina. Sikelo ija inalibe chilema chilichonse. Inkangosowa kachipangizo kamene mtengo wake sufika ngakhale pa tayala limodzi la lole imene imayezedwa pamenepo.

Chingwe cha makina oterewa chimathera ku kapulagi ka mapini 9 okhala m'mizere iwiri, asanu mzere wina, anayi mzere winawo. Amisiri amati serial port, ena amati RS-232. Musakasokoneze ndi ka VGA kopita ku sikirini, komwe kali ndi mapini 15 m'mizere itatu. Ndondomeko ya RS-232 inakhazikitsidwa ku America mu 1960 ndi bungwe la Electronic Industries Association, pofuna kuti makina otumizirana mauthenga pa waya wa telefoni azimvana. Poyamba pulagi yake inali yaikulu, ya mapini 25. Ya mapini 9 inafala pamene IBM inaiika pa kompyuta yake ya PC/AT mu 1984. USB inatuluka mu 1996, ndipo mu 1998 Apple inagulitsa iMac yopanda serial port n'komwe. Makampani ena anatsatira pang'onopang'ono, mpaka lero laputopu yokhala nayo ndi yosowa.

Opanga masikelo sanathamangire kusintha, ndipo ine ndimawamvetsa. Serial port imatumiza uthenga pang'onopang'ono pa waya mmodzi, koma siidwaladwala. Mawaya atatu okha amakwana: wotumiza, wolandira ndi wachitatu amene amisiri amati ground. Chingwe chake chimafika mamita 15 pamene cha USB chimalekera pa mamita 5, ndipo pulagi yake imamangidwa ndi timasikuluwu, moti munthu akakodwa m'chingwe siizuka. Sikelo ilibe zambiri zonena. Imangobwerezabwereza nambala ya makilogalamu, ndiye liwiro la USB ilibe nalo ntchito.

Chimene chimalumikiza ziwirizi ndi adaputa ya USB to serial. Maonekedwe ake ndi a chingwe wamba, koma m'kati mwa pulagi muli kachipu kamene kali ngati womasulira pa bwalo la milandu: kamamva zonena za USB n'kuzinena m'chiyankhulo cha RS-232, kenako n'kubweza yankho. Choncho pogula, funso loyamba si utali wa chingwe kapena mtundu wake, koma kachipu kamene kali m'katimo. Todziwika ndi tinayi: FT232 ya kampani ya FTDI ya ku Glasgow, PL2303 ya Prolific ya ku Taiwan, CP2102 ya Silicon Labs ya ku America, ndi CH340 ya WCH ya ku China. Kalikonse kamafuna driver wake, kapulogalamu kouza kompyuta mmene ingayankhulire nako.

Tichipu tabodza tilipo tambiri pa msika. Mu Okutobala 2014 FTDI inatulutsa driver kudzera pa Windows Update amene ankati akapeza kachipu kachinyengo ankafufuta nambala yake yodziwikira, kompyuta n'kuleka kukazindikira. Olangidwawo anali anthu amene anagula adaputa m'sitolo osadziwa kanthu, ndipo anthu atadandaula kwambiri driver uja anachotsedwa. Ma driver atsopano a Prolific nawonso amakana tichipu tabodza komanso takale, ndipo Windows imangoonetsa chizindikiro chachikasu ndi mawu akuti Code 10. Ine pa sikelo kapena pa makina a m'labotale ndimaumirira FTDI yeniyeni yogulidwa kwa munthu amene ndingathe kumubwerera. Ndalama zikachepa, CH340 ndimaikonda kuposa adaputa yotchipa yodzitcha dzina lalikulu.

Pali msampha wina umene umawotcha zinthu. Timabodi ting'onoting'ono tolembedwa USB to TTL, timene ophunzira amagwiritsa ntchito pa Arduino, timakhala ndi tichipu tomwe ndatchula tija, koma magetsi ake ndi a mavolti 3.3 kapena 5 okha. RS-232 yeniyeni imayenda pakati pa mavolti 3 ndi 15, ena a positive ena a negative. Mukalumikiza kabodi kotere ku sikelo, simumva kanthu, ndipo mwina kabodiko kangapse. Adaputa yoyenera ndi yothera ku pulagi ya mapini 9.

Adaputa ikazindikirika koma sikelo n'kukhalabe chete, musayambe kutukwana wogulitsa. Yesani kaye adaputayo payokha. Izuleni ku sikelo, mulumikize pini 2 ndi pini 3 ndi kawaya kakang'ono, mutsegule pulogalamu yaulere ya PuTTY kapena Tera Term, n'kutayipa zilembo zingapo. Zikaoneka pa sikirini, adaputa ili bwino, chifukwa zimene yatumiza yazilandiranso yokha. Vuto likhala lili kwina, ndipo kawirikawiri lili m'chingwe. Pa kompyuta pini 3 ndi yotumiza, pini 2 yolandira, pini 5 ndi ground. Makina ena amafuna chingwe cholunjika, pini 2 ku pini 2. Ena amafuna chopingasa, chotchedwa null modem, chimene pini 2 ya uku imakathera pa pini 3 ya uko. Kunja zingwe ziwirizi zimatha kufanana ndendende. N'chifukwa chake chingwe chimene chinabwera ndi makina sichitayidwa, ngakhale chitada bwanji. Ma UPS (makina osunga magetsi) ena a kampani ya APC ali ndi chingwe chawochawo, moti mukalowetsa chingwe wamba amazima nthawi yomweyo pamodzi ndi zonse zimene anali kudyetsa magetsi.

Nthawi zina pa sikirini pamabwera zinthu, koma zosawerengeka, zizindikiro zachilendo zokhazokha. Limeneli ndi vuto lokoma, chifukwa likusonyeza kuti mawaya ali bwino, koma mbali ziwirizi sizinagwirizane pa liwiro. USB imakambirana yokha zimenezi, pamene serial port imadikira munthu. Liwiro lofala ndi 9600, limene limapereka zilembo pafupifupi 960 pa sekondi, ndipo m'mabuku a makina mumapeza atalemba 9600 8N1. Ma GPS ambiri akale amayenda pa 4800. Buku likasowa, yesani 2400, 4800, 9600, 19200 motsatana mpaka manambala aoneke.

Pa depoti ija chimene chinatsala zonsezi zitatheka chinali chaching'ono. Windows inapatsa adaputa dzina la COM7, pamene pulogalamu yakale ya sikelo inkadziwa COM1 mpaka COM4 basi. Zimakonzedwa mu Device Manager, pa Ports, polowa mu Port Settings ndi Advanced n'kusankha nambala yaing'ono. Ma adaputa ambiri amasintha nambalayi akalowetsedwa pa bowo lina la USB, choncho ndimamata kapepala pa bowo loyenera kuti kalaliki wa m'mawa asavutike.

Sikuti adaputa imathetsa zonse. Mapulogalamu ena a nthawi ya DOS amafuna kuyankhula ndi serial port yeniyeni, ndipo makina ena sapirira kuchedwa pang'ono kumene USB imabweretsa. Zikatero kompyuta ya pa tebulo ndiyo imathandiza: mabodi ena a m'kati mwa makompyuta otere akadali ndi timapini tolembedwa COM tongofuna kachingwe kotulukira kumbuyo, ndipo pamene palibe mumaika khadi ya PCIe yokhala ndi serial port. Sikelo ikakhala patali ndi ofesi, pali timabokosi ngati NPort ta kampani ya Moxa totumiza uthengawo pa netiweki.

Chimene ndimachonderera eni masikelo a malole ndi chokhudza nyengo ya mvula. Chingwe chochokera panja chimatha kubweretsa mphamvu ya mphezi ngakhale itagwa patali, ndipo kudzera pa adaputa wamba mphamvuyo imalowa m'laputopu momwe muli mabuku onse a malonda. Pamalo otere gulani adaputa yolembedwa isolated, imene uthenga umadutsamo koma magetsi a mbali ziwirizi sakumana, ndipo mabingu akayamba uzani kalaliki azule chingwe mpaka mvula ikate.