Chiphaso cha pa Chipata ndi Mtengo wa M'phiri: Momwe Pangano la CITES Limagwirira Ntchito

Mu Ogasiti 2019, nthumwi za mayiko zitasonkhana ku Geneva, dziko la Malawi linapempha kuti mitengo iwiri ilowe m'gulu la zamoyo zimene malonda ake pakati pa mayiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES. Umodzi unali mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, umene sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi. Winawo unali mukula, wa matabwa ofiira, umene zipika zake zinkadzaza makontena opita ku China kukapangira mipando ya mtengo wapatali. Pempholo linavomerezedwa, ndipo n'zosavuta kuimva nkhaniyi ngati kuti mitengoyo inapulumuka tsiku lomwelo. Koma panganoli linapangidwa ngati mlonda wa pa chipata. Limafunsa chiphaso katundu akamatuluka m'dziko, ndipo phazi lake silipondako m'nkhalango mmene nkhwangwa ikulira. Chiphasocho chimakhala ndi tanthauzo pokhapokha wina atakwera phiri, kuwerenga mitengo imene yatsala, n'kunena zoona za zimene wapeza. Ntchito yowerengayo ndi ya maofesi athu, yolipiridwa ndi misonkho yathu, ndipo m'pamene nzika iyenera kuikapo maso.

Panganoli linasainidwa ku Washington pa 3 Malichi 1973 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 1975. Malawi analowamo mu 1982, ndipo lero mayiko oposa 180 ali m'katimo. Anthu ambiri amalidziwa chifukwa cha minyanga ya njovu ndi ngaka, koma mwa mitundu pafupifupi 40,000 ya zamoyo imene limateteza, yochuluka kwambiri ndi ya zomera. Mitunduyi imaikidwa m'mindandanda itatu. Mndandanda woyamba ndi wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutha, ndipo zotengedwa kutchire siziloledwa kugulitsidwa kunja. Wachiwiri ndi wa zimene zingafike pamenepo ngati malonda atasiyidwa opanda chingwe: izi zimagulitsidwa ndithu, koma ndi chiphaso cha dziko limene zikuchokera. Wachitatu ndi woti dziko limodzi limalembamo lokha chamoyo chimene likuchiteteza kwawo, n'kupempha anzake kuti alithandize kuyang'ana mapepala. Mkungudza ndi mukula zili mu wachiwiri.

Mtengo sulowa m'mndandanda woyamba kapena wachiwiri mwa chifuniro cha akuluakulu a ku Geneva, kumene kuli likulu la panganoli. Dziko lomwe ndi membala limalemba pempho ndi umboni wake, n'kulitumiza kutatsala masiku 150 msonkhano waukulu wa mayiko usanachitike, ndipo msonkhanowo umakumana pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Mayiko akapanda kugwirizana onse, amaponya voti, dziko lililonse voti imodzi, ndipo pempho limapambana likavomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a ovota. Zimene agwirizana zimayamba kugwira ntchito pakatha masiku 90. N'chifukwa chake mkungudza ndi mukula zinayamba kufunsidwa chiphaso kumapeto kwa Novembala 2019. Mu 2022, pa msonkhano wa ku Panama, anawonjezerapo mitengo imene mmisiri aliyense wa matabwa amaidziwa ndi fungo lomwe: mlombwa, mbawa ndi msambamfumu. Kalipentala wa ku Mchesi kapena ku Ndirande amene akukhoma chitseko cha mlombwa chogulitsa konkuno sakhudzidwa ndi CITES. Iye amayankha ku malamulo a zankhalango a dziko lino. Wokhudzidwa ndi amene akufuna kuolotsa zipika kapena matabwa pa Mwanza, pa Dedza, pa Mchinji, pa Songwe kapena pa Muloza.

Mtima wa dongosolo lonseli uli pa maofesi awiri amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo. Ina ndi ofesi yopereka ziphaso, imene kuno ndi nthambi ya boma yoona za malo osungira nyama zakutchire. Inayo ndi ya akatswiri a sayansi. Wamalonda akapempha chiphaso, ofesi yoyamba iyenera kukhutira kuti mtengowo unadulidwa motsatira malamulo a dziko, ndipo akatswiri ayenera kunena kuti kutumiza kunja matabwa ochuluka choncho sikuika mtundu wa mtengowo pa ngozi. Mawu achiwiriwa ndi olemera kuposa mmene amamvekera. Kuti munthu awanene moona mtima, ayenera kulowa m'thengo ndi tepi yoyezera, kudula chigawo cha malo, kukulunga tepiyo pa thunthu lililonse pa msinkhu wa chifuwa, kulemba mitengo ikuluikulu, yapakati ndi mphukira, kenaka kubwereranso pakapita zaka kuti aone imene yakula ndi imene yasanduka chitsa. Mlombwa umasonyeza bwino chifukwa chake. Kambewu kake kakamera, kamphukira kamafota chaka chilichonse m'chilimwe n'kuphukanso ndi mvula, kwa zaka zingapo, muzu wokha ukukula pansi, mpaka tsiku lina katapeza mphamvu yoimika thunthu. Kuchoka pamenepo kufika pa mtengo wochekeka pamadutsa zaka makumimakumi. Munthu amene sanawerenge mitengo yapakati angaone nkhalango yobiriwira n'kusaina chiphaso, osadziwa kuti akusainira mbadwo womaliza.

Mkungudza ndiwo umboni wowawa wa zimene zimachitika kuwerenga kukapanda kutsogolera nkhwangwa. Phiri la Mulanje linakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma mu 1927, ndipo UNESCO inalizindikira ngati malo apadera a zachilengedwe mu 2000. Chitetezo cha pa pepala sichinasowepo. Chimene chinaupha mtengowu ndi ubwino wake: thabwa lake limanunkhira, chiswe sichilidya, siliwola msanga, choncho linkafunidwa pa madenga, pa zitseko, pa maboti a ku nyanja ndi pa timabokosi tosema togulitsa kwa alendo. Kwa nthawi yaitali zilolezo zinkaperekedwa zoti anthu acheke mitengo youma yokha, ndipo ena anapeza njira yachidule: kusenda khungwa mozungulira thunthu la mtengo wamoyo, kudikira uume, n'kubwera ndi sowo. Pamwamba pa izi panabwera nsabwe zoyamwa mitengo ya mtunduwu m'zaka za m'ma 1980, mitengo ya paini yobwera imene inalanda malo, ndi moto wa chaka ndi chaka umene umapsereza mbande zisanafike m'chiuno. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 anapeza kuti nkhalango ya mkungudza yatsala mahekitala pafupifupi 845. Pofika 2017, ofufuza anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Pamene manja ankakwezedwa ku Geneva, m'phiri munali zitsa. Ndipo ngakhale mkungudza ukanalembedwa zaka makumi awiri m'mbuyomo, thabwa lililonse lotsika pamutu pa munthu ku Likhubula n'kukagulitsidwa ku Blantyre kapena ku Mangochi silikanakumana ndi mlonda wa CITES, chifukwa silinaoloke malire.

Wina atha kunena kuti ngati zili choncho, panganoli ndi pepala chabe. Pali zoona m'dandaulo limeneli. Chiphaso chimatha kugulidwa, chidindo chimatha kubedwa, ndipo kontena yodutsa m'dziko pa ulendo wopita ku Beira kapena ku Nacala imatha kulembedwa dzina la mtengo wina. Komabe CITES inabweretsa chinthu chimene lamulo la dziko limodzi silingathe: inaika mlonda wachiwiri ku doko la wogula. Mukula usanalembedwe, zipika zikangofika ku China zinali katundu wamba, ngakhale zitadulidwa mwakuba ku Zambia kapena ku Congo. Lero wa kasitomu wa kumeneko ali ndi udindo wofunsa chiphaso, ndipo chiphasocho chimatha mphamvu pakapita miyezi isanu ndi umodzi. Dziko lililonse liyeneranso kupereka lipoti la ziphaso zake zonse pofika pa 31 Okutobala chaka chilichonse, ndipo ziwerengerozo zimaikidwa pa intaneti poti aliyense aone. Wogulitsa akalemba zochepa, wogula n'kulemba zambiri, kusiyanako kumaonekera. Dziko lolephera kupereka malipoti zaka zitatu zotsatizana, kapena lopereka ziphaso popanda umboni wa akatswiri, likhoza kuimitsidwa malonda. Zinachitikapo mu 2022 ku mayiko angapo a kumadzulo kwa Africa, pa mtengo wa m'banja limodzi ndi mlombwa. Chilango chotere chimafika mochedwa kawirikawiri, koma chimaluma, ndipo kuopa kwake n'kumene kumachititsa boma kupeza ndalama zotumizira akatswiri m'thengo.

Dandaulo lachiwiri ndi lolemera koposa, ndipo siliyenera kukankhidwira pambali. Amati malamulowa ndi a mayiko olemera, amene anatha nkhalango zawo kalekale, ndipo tsopano akutsekera mphawi njira yopezera chakudya. Pa nkhani ya mkungudza ndi mukula yankho n'lapafupi: amene anapempha ndi Malawi, ndipo mnyamata wosenza thabwa lolemera kutsika nalo m'matanthwe ndi amene ankalandira kachepe kwambiri pa ndalama zonse za thabwalo. Mtengo utatha, wogula wamkulu anasamukira ku katundu wina, wosenza anatsala m'munsi mwa phiri lopanda chosenza. Koma pali malo ena pamene dandauloli limagwira ndithu. Taganizirani chikanda, chimene ena amati chinaka kapena chikande, chakudya chophikidwa ndi timizu tofanana ndi timbatata, tosinjidwa pamodzi ndi nsinjiro. Timizuto ndi ta maluwa a m'madambo ndi m'mapiri a mtundu wa orchid, ndipo maluwa onse a mtunduwu ali m'mindandanda ya CITES. Ku Nyika kokha kuli mitundu pafupifupi 200. Msika wa ku Zambia utakula, matumba a timizuti anayamba kuoloka kuchokera ku mapiri a kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Malawi, ndipo kukumba kamuzu ndi kupha duwa lonse. Mwa lamulo, thumba lililonse loolokalo limafuna chiphaso. Koma mayi wa ku Chitipa amene wakumba ndowa imodzi kuti agulire ana makope sangapite ku Lilongwe kukapempha pepala, ndipo kumugwira iye pa chipata n'kusiya dambo likukumbidwa sikupulumutsa duwa ngakhale limodzi. Apa dongosolo la ziphaso silikwanira. Tanzania inatenga njira ina mu 2005 pokhazikitsa malo otetezedwa a Kitulo makamaka chifukwa cha maluwa. Kunja kwa malo otere, chothandiza ndi mgwirizano wa m'mudzi wa nyengo yokumba, madambo opumitsa, ndi kuphunzira kubzala maluwawo.

Ena amafunsa chifukwa chimene mkungudza sunaikidwe mu mndandanda woyamba, kuti malonda atsekedwe kotheratu. Ine ndikuona kuti mndandanda wachiwiri uli ndi nzeru yake. Tsogolo la mtengowu lili m'manja mwa anthu obzala. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, akatswiri a Forestry Research Institute of Malawi a ku Zomba ndi a Botanic Gardens Conservation International akhala akugwira ntchito ndi midzi yozungulira phiri, imene imafesa mbewu m'manazale n'kugulitsa mbande, ndipo mbande zikwi mazanamazana zabwezeredwa m'phiri. Munthu amasamala mtengo umene akuona kuti ana ake adzapindula nawo. Khomo la malonda ovomerezeka likakhala lotseka pang'ono osati lokhomeredwa misomali, wobzala amakhala ndi chifukwa chodikira.

Ndiye nzika igwire pati? Lamulo la zankhalango la 1997, limene zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020, limalola mudzi kukhala ndi nkhalango yakeyake ndi komiti yoyang'anira zachilengedwe, komanso kugwirizana ndi boma pa kasamalidwe ka nkhalango yotetezedwa yoyandikana nawo. Mmenemo ndi mmene mumadziwika amene wadula, kumene wadula ndi amene wamutuma, kontena isanapakidwe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limapatsa mtolankhani, mphunzitsi kapena mfumu mphamvu yolemba kalata yofunsa kuti ziphaso zingati za mlombwa kapena mbawa zaperekedwa, ndipo umboni wa akatswiri umene unatsagana nazo uli kuti. Yankho likhoza kuyerekezedwa ndi ziwerengero za pa intaneti zija. Phungu wa Nyumba ya Malamulo naye ayenera kufunsidwa, nthawi ya bajeti, ngati a kafukufuku wa zankhalango ndi a National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba apatsidwa mafuta a galimoto ndi malipiro a anthu okayeza mitengo, chifukwa popanda zimenezo siginecha ya katswiri imakhala yongoganizira.

M'phiri la Mulanje, limene UNESCO inalilemba mu 2025 pa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse, mbande za mkungudza zobzalidwa zaka zaposachedwapa zidakali zazing'ono moti moto umodzi wa mu Sepitembala ungazimalize. Chimene zikufuna chaka chino ndi anthu olambula njira zotchinga moto udzu usanaume, ndi alonda olipidwa pa nthawi yake. Funso la chiphaso cha CITES lidzazifika pakapita zaka makumi angapo, ngati padzakhale thunthu loti munthu akulungepo tepi.